Katondo wa m'botolo la jamu

Ku Doha kulibe dothi. Ndikanena zimenezi kwathu anthu amaseka, amati nanga nyumba zitalizitali zija zinamangidwa m'malere? Koma ine ndikunena dothi lenileni, loti ukaliponda mvula itagwa limakumata kuchidendene. Kumene kuja kuli mchenga, fumbi lotuwa ndi simenti basi. Ine ndine wa ku Thyolo, ndinakulira pa katondo wofiira amene sachoka pa kolala ya malaya ngakhale uchape ndi sopo wamtundu wanji, komabe ndinakhala ku Doha zaka zingapo osaliganizirako dothi. Ndinadzalikumbukira pa nthawi yoipa.

Ndinkaperekera zakudya mu lesitilanti ya pamwamba pa hotela ina yaikulu. M'dziko limene lija mowa sugulitsidwa paliponse, ndiye alendo ofuna vinyo ankabwera kwa ife. Operekera vinyo anali gulu lapadera. Ankavala wesikoti yakuda ndi kabaji kooneka ngati tsango la mphesa, sankanyamula mbale zakuda, ndipo alendo ankawayang'ana kumaso poyankhula nawo. Ife enafe ankatikodola ndi chala. Ine kabaji kaja ndinkakafuna moti usiku ndinkakalota. Ndinawavutitsa amanijala chaka chathunthu, mwaulemu koma mosatopa, mpaka anayamba kukhota njira akandiona. Nditabwerako kutchuthi anandiitana n'kundiuza kuti ndalowa m'gulu lophunzira za vinyo, ndipo ndisadzawachititse manyazi.

Tchuthi chimenecho ndinapita kwathu kukachita chinkhoswe. Ankhoswe anapatsana tambala ndi msoti, abale anavina mpaka fumbi koboo, azakhali anga anatilangiza mpaka mawu kuwathera. Ukwati wa kutchalitchi tinagwirizana kuti udikire kaye nyumba ifoleredwe malata. Kwathu ankhoswe akagwirizana palibe amene amakufunsa pepala, mudzi wonse ndi mboni. Ndinakhala ndi mwamuna wanga masabata otsalawo, kenaka ndinakwera ndege kubwerera kuntchito ndili mkazi wa mwini.

Maphunziro ankachitika masana, alendo a nkhomaliro atapita, m'chipinda chozizira kuseri kwa khitchini. Wotiphunzitsa tinkangomutchula kuti bwana wa vinyo. Anali mzungu wa ku South Africa, wokulira pa famu ya mphesa, wamanja akuluakulu ngati mlimi wa fodya. Tsiku loyamba ndinamuuza kuti ine ndine wa kwaya, mowa sindinaulawepo. Anati palibe amene akumukakamiza kumeza: ununkhize, ulowetse pang'ono m'kamwa, uyendetse, ulavulire m'kandowa. Ndinaseka chamumtima. Amayi anga anandikwapulira kulavula pamaso pa anthu, lero ndadutsa nyanja kudzaphunzira kulavula mwaulemu.

Masiku amenewo thupi langa silinkandimvera bwino. Fungo la mazira okazinga linkandipotokola m'mimba, ndipo mlendo wodzola mafuta onunkhira akalowa mu lifti ndinkagwira mpweya mpaka atuluke. Kumwezi ndinali nditadumphitsa. Ndinkadziuza kuti n'kutentha, n'kusintha kwa madzi, n'kutopa kwa ulendo. Munthu akafuna kudzinamiza zifukwa sizisowa.

Tsiku lina bwana wa vinyo anabwera ndi mabotolo akale a jamu n'kuwandandalika patebulo. M'botolo lina munali mchenga woyera, lina timiyala tosalala totuwa, lina dothi lofiira la zibuluma. Anati anazitenga yekha m'minda ya kwawo. Anatiuza kuti mpesa womwewo, ukaudzala pa dothi losiyana, umabala vinyo wosiyana. Mchenga susunga madzi, umatentha msanga, ndipo vinyo wake amakhala wopepuka, wonunkhira, wosachedwa kuchoka pa lilime. Pa miyala mpesa umavutika, mizu imalowa pansi kufunafuna chinyezi, mphesa zimakhala zing'onozing'ono zamakungu okhuthala. Dothi lofiira lomata limasunga madzi ndi kuzizira, mphesa zimapsa mosathamanga, ndipo vinyo amatuluka wakuda, wolemera, womanga m'kamwa.

Anzanga a ku Philippines ndi ku Nepal ankalemba mwakhama. Ine ndinkangogwedeza mutu chifukwa nkhaniyi sinali yachilendo. Mbatata ya kudambo imakhala madzi okhaokha, pomwe ya kumtunda pa katondo imakhala yaufa, yofuna tiyi pafupi. Aliyense kwathu amadziwa zimenezi, kungoti palibe amene anazisandutsa sukulu.

Kenaka bwana uja anawaza timadzi m'mabotolo muja n'kunena kuti tiziyendetsa, aliyense anunkhize. Mchenga unadutsa, sindinamve kanthu. Miyala inadutsa. Botolo lofiira litafika m'manja mwanga ndinalowetsa mphuno, ndipo malovu anadzaza m'kamwa nthawi yomweyo. Linali fungo la mvula yoyamba ikagwa pabwalo la kwathu, fungo la chulu cha kuseri kwa khola. Sindinaganize chilichonse. Zala zinalowa zokha m'botolo, zinatola kachibuluma, ndipo ndinazindikira ndikutafuna, maso nditatsinzina.

Chipinda chonse chinaphulika ndi phwete. Bwana wa vinyo anawomba m'manja, nkhope ili ngwee. Anati kuyambira pomwe anayamba kuphunzitsa sanaonepo wophunzira wolimba mtima chonchi, ndipo agogo ake aamuna ankalawa dothi asanagule munda. Anandiloza n'kuuza anzanga kuti uyu ndiye adzavale kabaji poyamba. Ndinamwetulira mano ali psuu, ndikumva kukoma kumene sindinakumvepo ndi chakudya chilichonse cha mu hotelayo.

Munthu mmodzi yekha sanaseke. M'chipindamo munali mayi wina wa ku Zomba, wamkulu kwa ine, amene ntchito yake inali kupukuta matambula ndi kutikonzera tebulo. Ndinkawatchula kuti achemwali ngakhale panalibe ubale, ndipo tinkagona nyumba imodzi ku Al Nasr, dera lina la mu Doha, pamodzi ndi atsikana ena. Anali ataima pakona, tambula m'dzanja, nsalu ili lende, akundiyang'ana osati kumaso koma m'chiuno. Ndinazindikira pomwepo chimene ankaganiza, dothi lisanathe n'komwe m'kamwa. Mkazi aliyense wa kwathu amadziwa amene amagula timapepala ta dothi lootcha pamsika: amayi oyembekezera.

Titatuluka anandikokera kosungira nsalu za patebulo n'kutseka chitseko.

"Iwe, tandiyang'ana. Mwezi uno wasamba?"

"Achemwali, ndi weather chabe, thupi silinazolowere."

"Weather imadyetsa munthu dothi? Usandipusitse ine, ndabereka ana atatu. Marriage certificate uli nayo?"

Ndinawauza kuti tinachita chinkhoswe, iwonso zithunzi anaziona pafoni.

"Zithunzi za nkhuku? Ndiye ku clinic ukawaonetse tambala? Kuno woyembekezera amamufunsa pepala la ukwati, mng'ono wanga. Ukapanda kukhala nalo nkhani imakula, imatha kufika kupolisi. Wallah, ndikulumbira, ndaona atsikana akulira ine."

Sindikudziwa ngati zonse zimene amayi a ku Malawi ankanong'onezana za nkhaniyi zinali zoona ndendende. Sindinafune kukhala ine woyesera. Kamtengo koyezera mimba anakandigulira ndi iwo ku famase, poti ine ndinaopa kulowamo. M'mawa mwake, atsikana ena akugogoda chitseko cha bafa kuti ndikuchedwetsa basi ya kampani, ndinaona mizere iwiri. Ndinakhala pansi pa matailosi.

Mwamuna wanga nditamuimbira anakuwa ndi chimwemwe mpaka ndinatsitsa mawu a foni. Nditamufotokozera za pepala sanamve. Anati ankhoswe alipo, onse ali moyo, angathe kuchitira umboni. Ndinapsa mtima n'kumufunsa ngati amalume ake adziwa Chiarabu, kapena akwera njinga yawo kubwera ku Doha kudzafotokoza za msoti. Kenaka anangoti, "Ndiye bwera kunyumba, mayi." Aka kanali koyamba kunditchula choncho, ndipo ndinalira.

Kubwera kunyumba kunali ndi njira yake. Kontilakiti yanga inali itatsala miyezi yochepa kuti ithe. Ndikanangokhala phee, osaonjezera, ndikanakwera ndege ngati wina aliyense wotopa ndi ntchito. Vuto linali kabaji kaja. Achemwali anandikumbutsa kuti okhoza mayeso a vinyo amasayinitsidwa kontilakiti yatsopano sabata yomweyo, ndipo asanasayine amawatengera kuchipatala kukayezedwa thupi lonse. Kusiya maphunziro pakati nakonso kunali kuitana mafunso. Munthu amene wavutitsa amanijala chaka chonse, amene bwana wa vinyo akumutama m'makhonde, angodzuka n'kunena kuti sakufunanso? Akanandikhazika pansi mu ofesi, ndipo ine bodza lalitali sindilitha.

"Ndiye ulephere," anatero achemwali tikudikira basi. "Wolephera safunsidwa zambiri. Amangomumvera chisoni, khalas, nkhani yatha."

Ndinawayankha mwamwano kuti ine chibadwire sindinalepherepo mayeso. Anandiyang'ana n'kunena kuti ndiye ndiyambe kuphunzira.

Masabata otsatirawo sindidzawaiwala. Ndinkapita kumaphunziro ndi mantha awiri. Oyamba anali akuti kadontho ka vinyo kangatsetserekere kukhosi n'kukamupeza mwana. Ndinkalavula msanga kuposa aliyense, kenaka n'kuchukucha m'kamwa ndi madzi mpaka anzanga anayamba kunditcha abusa. Achiwiri anali a siketi. Batani linasiya kufika, ndinayamba kumangira ndi pini, ndipo poyenda mu lesitilanti thileyi ndinkaigwirira kutsogolo kwa mimba ngakhale ikhale yopanda kanthu. Woyang'anira mayunifolomu akandiyang'ana nthawi yaitali, ndinkachokapo msanga. Foni ya mu ofesi ikalira ndinkangoti basi, andiitana.

Chopweteka n'chakuti maphunzirowo ndinawakonda. Mphuno yanga masiku amenewo inali yakuthwa moopsa. Bwana akatsanulira vinyo, ine fungo ndinkalimva tambula isanafike pamalo panga. Wa pamchenga ankanunkhira zipatso zofiira ndi maluwa, ndipo ukamuunika pa nsalu yoyera unkaona zala zako kuseri. Wa pamiyala anali ndi kafungo ka tsabola ndi utsi, kouma, kokhala ngati kakubisa mawu. Wa padothi lofiira sindinkachita kumufunafuna. Anali wakuda bii, ankamanga m'kamwa ngati nthochi yosapsa, ndipo pansi pa zipatso zonsezo pankamveka chinyezi chija cha m'botolo la jamu. Ndikamununkhiza malovu ankabwera, ndipo ndinkachita kuluma mlomo kuti maso asapite pa shelefu pamene botolo lija linkakhala.

Ndinayesa kuyamba kulakwitsa pang'onopang'ono kuti kulephera kwanga kusadzadabwitse anthu. Zinkandikanika. Bwana akafunsa gulu lonse, anzanga n'kusowa yankho, ine linkandiyabwa pakhosi mpaka linkatuluka lokha. Achemwali kukona kwawo ankangopukusa mutu. Pa basi ankandinong'oneza kuti, "Iwe kunyada kudzakupha. Ukufuna ukachilire ku deportation, kundende ya opitikitsidwa m'dziko?" Ndinkawakwiyira chifukwa ankanena zoona.

Tsiku la mayeso tinkalowa mmodzimmodzi. Ndinadzuka m'mimba muli mwauwisi, ndinasanza kawiri ndisanavale, ndipo pini ija inandibaya chala. Nditalowa ndinapeza bwana wa vinyo atakhala yekha, matambula atatu ali patsogolo pake, mabotolo a vinyo atawakulunga m'nsalu kuti ndisawerenge. Mabotolo a jamu aja anali pambali. Ntchito inali yoti ndinunkhize tambula iliyonse, ndilawe, ndiiike pafupi ndi dothi lake, ndifotokoze chifukwa. Anandimwetulira ngati munthu amene akudziwa kale zotsatira.

Yoyamba inali ya pamchenga. Ndinaiika pa miyala n'kunena zinthu zosamveka za utsi. Kumwetulira kuja kunachepa. Yachiwiri inali ya pamiyala, ndinaiika pa dothi lofiira. Anasiya kulemba. Yachitatu ndisanainyamule n'komwe ndinali nditaidziwa. Fungo lake linandipeza lokha, lonyowa, lolemera, la kwathu. Vinyo wake ndinamuyendetsa m'kamwa nthawi yaitali kuposa mmene ndinkachitira masiku onse, poti ndinadziwa kuti n'komaliza. Ndinalavula, n'kukankhira tambulayo ku botolo la mchenga.

"Nunkhizanso," anatero bwana uja motsitsa mawu.

Ndinanunkhizanso.

"Ndi mchenga, bwana."

"Iwe unalidya dothi limeneli ine ndikuona. Ukundiuza kuti sukulimva?"

"Ndi mchenga, bwana. Ndi wopepuka."

Manyazi amene ndinamva sindingathe kuwafotokoza, kunena chinthu chopusa dala pamaso pa munthu amene anandikhulupirira. Ndinkafuna kukuwa kuti ndikudziwa, zonse zitatu ndikuzidziwa, ndipo ndingamuuzenso kuti yachitatuyo inakhalitsa mu mgolo wamtengo. M'malo mwake ndinayang'ana pansi. Ndinadzazindikira mochedwa kuti dzanja langa lamanzere linali litagwira pamimba, pamwamba pa pini.

Bwana uja anayang'ana dzanjalo. Anayang'ana kandowa, anayang'ana tambula ya madzi imene ndinali nditaimaliza kale pochukucha, kenaka maso ake anapita pa botolo lofiira. Munthuyu anakulira pa famu, pakati pa amayi antchito a ku Africa kuno. Ndinaona pankhope pake kuti wakumbukira chinthu chimene anayenera kuchikumbukira tsiku loyamba lija.

Ndinadziwa kuti zanga zatha. Anali bwana, ndipo ofesi ya olemba ntchito inali pansi pathu pomwepo.

Anasuntha matambula onse atatu kuwachotsa patsogolo panga, n'kundithirira madzi ena. Analemba mawu ochepa papepala lake. Kenaka anaimirira, anatenga botolo la dothi lofiira, analitseka bwinobwino n'kuliika pafupi ndi dzanja langa.

"Ili lakhalitsa, ndimafuna kulitaya," anatero osandiyang'ana. "Ukanditayire potuluka. Uitane wotsatira."

Dothi silikhalitsa. Ndinalibisa pansi pa thaulo la pamkono n'kutuluka. Achemwali anali pakhonde akunamizira kupukuta tambula youma kale. Ataona botololo anatsegula pakamwa.

"Wadziwa?"

"Wadziwa."

"Mayo ine. Ndiye anena?"

Nanenso sindinkadziwa. Funso limenelo ndinagona nalo, kudzuka nalo, masabata onse otsalawo. Amanijala anandiitana mu ofesi tsiku lotsatira, ndipo ndinalowa nditatsanzika kale moyo wa ku Doha mumtima. Anangondiuza kuti ndawakhumudwitsa, anataya malo pa munthu wongodziwa kulongolola. Ndinapepesa mutu uli pansi. Sindinasangalalepo chonchi ponyozedwa. Kabaji kanapita kwa mnyamata wa ku Nepal, munthu wabwino amene anakagwirira ntchito, komabe ndikamuona atakavala ndinkatembenukira kukhoma.

Bwana wa vinyo tinkakumana m'makhonde. Ankangogwedeza mutu n'kudutsa, ndipo ine nthawi iliyonse ndinkayesa kuwerenga nkhope yake ngati wanena kapena ayi. Chimene ndinaona n'chakuti mayina a onyamula makatoni a vinyo kuchokera kunkhokwe akamatchulidwa, langa silinkamvekanso. Sanandiuzepo chifukwa, inenso sindinamuthokoze. Kuthokoza kukanakhala kuvomera, ndipo kuvomera kukanamuika iye pa mlandu wodziwa. Mpaka ndinachoka sitinayankhulanenso za vinyo.

Botolo lija silinafike kudzala. Ndinalibisa m'sutikesi pansi pa zitenje. M'mawa uliwonse ndisanapite kukadikira basi ndinkatsina kachibuluma kamodzi, ndipo achemwali ankandikalipira kuti ndidzadwala njoka za m'mimba, kwinaku akundiimira pachitseko kuti atsikana ena asaone. Dothilo ndinkalidya mosamala ngati shuga wa kumapeto kwa mwezi. Linatha kutatsala masiku ochepa kuti ndinyamuke.

Pabwalo la ndege ndinavala juzi lalikulu ngakhale kunja kunkawotcha. Wapolisi wa pa zenera anayang'ana pasipoti, anandiyang'ana ine, anayang'ananso pasipoti. Mwana anasuntha m'mimba nthawi yomweyo, koyamba kumumva bwinobwino, ndipo ndinagwira mpweya kuopa kuti juzi ligwedezeka. Chidindo chinalira. Ndinayenda osacheuka mpaka pa mpando wa m'ndege, ndipo ndi pamene ndinamasula pini ija.

Mwana anabadwira ku Thyolo, wamkazi, wamakani ngati mayi wake. Pano amasewera pabwalo, ndipo madzulo ndikamamusambitsa madzi amasanduka ofiira. Pepala la ukwati tinakatenga iye ali kumsana. Vinyo sindinamulawenso. Pa ukwati wa msuweni wanga ku Blantyre munthu wina anandipatsira tambula kuti ndionetse anthu luso la ku Doha. Ndinanunkhiza, ndinayendetsa, ndinanunkhizanso. Ndinangomva mowa basi. Sindikudziwa ngati vinyoyo anali wotchipa, kapena mphuno ija sinali yanga, ndinangobwereka kwa mwana.

Botolo la jamu lija ndinabwera nalo. Lili pa shelefu kukhitchini, ndimasungiramo mchere.